Buluyo si wamakani, muyang'aneni pamsana

Achimwene mwafunsa za bulu wanu amene akumaponya mateche mukamamumanga chishalo, komanso akafika pachitunda ndi mbatatesi zopita ku Lizulu akungoima njii, ndiye ndaona ena mu gulu muno akuti mumukwapule asiye makani. Ayi ndithu. Bulu amabisa ululu kuposa hatchi, akayamba kukana ndiye kuti zamufika pakhosi.

Mukabwerako kumsika masulani chishalocho pompopompo thukuta lisanaume muone pamsanapo. Ngati ponse panyowa koma pali timalo touma ngati ndalama ya koini, pamenepo ndi pomwe chikufinya kwambiri mpaka thukuta kulephera kutuluka. Yendetsani chikhatho pang'onopang'ono kuchokera paphewa kutsikira kumchira, mumva potentha kapena potupa, iye mwini akuuzani, khungu limanjenjemera makutu nkupita kumbuyo. Ubweya woyera umene kale panalibe ndi chizindikironso, malo amenewo akhala akutsindiridwa kalekale ndipo sudzaderanso.

Chishalo chimayenera kukhala pa minofu ya mbali ziwirizi, pamwamba pa nthiti, fupa la msana chisalikhudze ngakhale pang'ono. Katundu ali pamwamba pomwepo lowetsani zala ziwiri kapena zitatu kutsogoloku pakati pa chishalo ndi fupa la msana, zikakana kulowa vuto ndi lomwelo, ndipo kuunjika mabulangete pansi sikuthandiza, kumangowonjezera kuthina ngati munthu wovala masokosi awiri mu nsapato yaing'ono. Muonenso ngati waonda, chifukwa m'chilimwe udzu ukasowa msana umatuluka, chishalo chomwe chimamukwana mu Epulo nkuyamba kukhala pafupa. Saka la pulasitiki musayale pakhungu, limasupula, zingwe za nayiloni ndiye zimacheka. Katundu alingane mbali zonse, abulu athu ang'onoang'onowa asapyole 50 kg, ndikudziwa ambiri timasenzetsa kuposa apo kuti tisabwererenso ulendo wina.

Ngati mumamukoketsanso ngolo ndi goli la ng'ombe zija timaziona mu M1 muno, onaninso pakhosi, bulu alibe linunda amakoka ndi chifuwa, amafunika lamba wotambalala.

Chilonda chikakhalapo kale, oyilo wakuda wa galimoto ayi chonde. Wiritsani madzi theka la lita, thiranimo kasupuni kamodzi ka mchere, akazizira muzitsuka kawiri patsiku, ndipo asanyamule kanthu mpaka papole. Chikatulutsa mafinya kapena mukaona akuuma thupi nsagwada osatseguka bwino thamangirani kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo, abulu kafumbata amawapha msanga.