Asuweni, za kandege kaja

Eee, asuweni, ndamva. Mukufunsa guluu womatira mphuno ya kajeti kanu ka rimoti kanagwa kaja. Gulani guluu wa epoxy wogwira pa mphindi 5. Supa guluu ayi, amadya foam ina, pulasitiki yopepuka yopangira tindege totere ija. Pomwe pafinyika thirani madzi otentha, pamatukuka pokha. Komatu inu ndimakudziwani, nkhawa yanu si guluu. Mukufuna kudziwa ngati munakagwetsa ndinu kapena mwera, musanawayankhe alamu ku Johannesburg.

Vidiyo ya kugwa kwake ija ndaionera katatu. Kanyamuka, mphuno m'mwamba, kenako phiko lakumanzere... ayi, lakumanja, lagwa, n'kuzungulira mpaka pansi.

Mukuwakumbukira amalume a ku Bembeke ndi njinga yawo ija? Matumba atatu a kachewere, onse pa kaliyala, ulendo wa ku Lizulu. Agogo anawauza, thumba limodzi ikani pa felemu. Iwo akuti njingayi mwini wake ndine. Pa chitunda paja tayala lakutsogolo linangoti nyamu! Akupotoza handulo uku ndi uku, njinga osamva. Kachewere mbwee mumsewu, ana kutola, iwo ali m'ngalande, nsapato imodzi osaoneka. Ndiye pobwera anati vuto ndi mabuleki, azakhali mpaka kugwira nthiti.

Ndimati chiyani... eya. Pa chithunzi mwatumiza, batire ya 4S (ya maselo anayi) ija munaikankhira kumbuyo kuti chivundikiro chitsekeke. Kulemera kunathawira kumchira, basi. Buku la kandegeko limanena malo a CG, pomwe kulemera kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo kumalingana, mamilimita angati kuchoka kutsogolo kwa phiko. Lembanipo timadontho, ikani batire, kanyamuleni ndi zala ziwiri pamenepo. Mphuno iziweramira pansi pang'ono, ndipo batire muimange ndi lamba isamayende.

Chinanso, kuno ku Dedza tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepuka. Jeti ya EDF, yoyendera fani yamagetsi ya m'kati, ilibe pulopela yopemerera mapiko, imadalira liwiro lokha. Kalekeni kathamange mtunda wautali, molunjika komwe mphepo ikuchokera, musakoke msanga kuti kanyamuke ngati muja munachitira. Bwalo la mpira lija tolani timiyala, fani ikameza kamodzi masamba ake amathyoka. Taimala ikani pa mphindi 3 zouluka, selo iliyonse ya batire isatsike pa 3.5 volts.

Batire yagwayo ngati yapindika kapena yatupa, musaitchaje chonde. Ikani panja mu ndowa ya mchenga, kutali ndi denga la udzu ndi ana, imeneyo imayaka.

Ndiye si mwera ayi, ndi batire kumbuyo. Mwamva, a pailoti? Batire patsogolo, muyeze ndi zala, kenako mujambule munditumizire musanakaulutsenso.