Sudziwa kujambula koma ukufuna kulemba komiki?

Ndalandira imelo ya mnyamata wina wa ku Zomba, akuti nkhani ili m'mutu, akufuna ikhale komiki koma kujambula sadziwa, nde akufunsa ngati angopatsa munthu ganyu yojambula kenako buku lonse likhale lake.

Mphwanga, kulemba ungalembe bwinobwino, ambiri olemba makomiki sagwira pensulo. Koma zoti ganyuzo zandiwawa.

Ine ndinayambira pa timabuku ta mabungwe tija, ta malungo ndi katemera. Ndinkagwira ndi bambo wina wachikulire, ankajambulira patebulo lodyera, magetsi akathima nkutulutsa mapepala pakhonde, kuwatsindira ndi miyala kuti asauluke. Tsiku lina ndinalemba kuti mayi wamva zoti mwana wake wakomoka, ndinamupatsa mawu ambirimbiri olira. Bambo aja anangojambula ndowa itagwa pamjigo, madzi akuyenderera, patali chitenje chikukupiza mayi ali paliwiro. Basi. Mawu anga onse tinafufuta, tsamba linalankhula lokha. Nde undiuze, walemba nkhaniyo ndani pamenepo? Kabukuko katatuluka pachikuto panali malogo okhaokha a bungwe, dzina lawo palibe, langanso palibe, ndalama yake yochepa komanso yobwera mochedwa. Anangoseka nkuti tinazolowera. Ine sindinazolowere mpaka lero.

Ndipo si kuno kokha ayi. Ku America, wolemba Jerry Siegel ndi wojambula Joe Shuster anagulitsa komiki yawo ya Superman mu 1938 pa madola 130 okha, kampani nkudzadyerera kwa zaka zambirimbiri eni ake akuvutika. Bill Finger analemba nkhani zoyamba za Batman mu 1939 koma dzina lotchuka linali la wojambula Bob Kane yekha, Finger anamwalira mu 1974, dzina lake anayamba kuliika mu 2015. Pa za Batmanzi amene anaiwalidwa ndi wolemba, kuno kwathu kawirikawiri ndi wojambula, koma nkhanza zake ndi zomwezo. Ine ndimati munthu amene akuona wojambula ngati waganyu asalowe nawo ntchito imeneyi, akalembe buku la mawu okhaokha, palibe amuletse.

Zimandinyansanso anthu otumiza uthenga pa WhatsApp kuti jambulireni kaye, mutchukirapo. Kutchuka sikugula ufa. Tsamba limodzi lojambula bwino limadya tsiku lathunthu, pena kuposa, pomwe iwe walilemba ukumwa tiyi.

Nde uyambe bwanji

Lemba kankhani ka masamba 4 kapena 8, osayamba ndi chimbuku chachikulu. Timabuku tomanga ndi sitepula masamba ake amayenda anayianayi, osindikiza akuuza zomwezo. Gawa tsamba m'mabokosi, 5 kapena 6 akwana, ndipo bokosi lililonse chochitika chikhale chimodzi, munthu sangatsegule chitseko, kukhala pansi nkuyamba kudya m'chithunzi chimodzi. Mawu a m'baluni, kozungulira kaja kolembamo zomwe munthu akulankhula, achepe kwambiri, Chichewa chathu mawu ake ndi aatali, baluni imadzaza msanga nkuphimba nkhope yomwe mnzako waivutikira. Chodzidzimutsa uchiike pomwe owerenga atembenuze tsamba, asachione msanga. Zomwe chithunzi chaonetsa kale usazibwerezenso m'mawu.

Ukapeza wojambula mukhale pansi musanayambe, mulembe papepala: anthu a m'nkhanimo mwini wake ndani, ndalama muzigawana bwanji, wina akafuna kusiya zitha bwanji. Musaine nonse, aliyense asunge lake, za umwini mukhoza kukafunsanso ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito za luso kuno ku Malawi. Ngati uli ndi ndalama mulipire pa tsamba lililonse, ngati ulibe mugawane umwini pakati, osachitira mwina. Ndipo maina onse awiri pachikuto, zilembo zake zofanana kukula.

Ukamaliza masamba anayi oyambawo unditumizire, ndiwerenga.