Madamu, inenso zinandionekera ku Machinga

Madamu, nkhani yanu ya makolo okana kuti muziphunzitsa ana awo Expressive Arts, phunziro la luso monga kujambula ndi kuimba, yanditokosa pachilonda. Ndinkaphunzitsa Standard 6 pa sukulu ina ya Asilamu ku Machinga. Ana anajambula chambo, nkhuku, wina agogo ake atasenza nkhuni, ine n'kumata pakhoma. Lachitatu m'mawa wapampando wa komiti anangolowa osaodira, nayamba kumatula chimodzichimodzi akunena kuti haramu. Chithunzi cha agogo chija anaching'amba pakati, mwini wake akuona. Mtsikanayo sanalire, anangotola zidutswazo n'kuzibisa mu hijabu. A hedi ali pakhomo, manja kumbuyo, kukamwa kuli gwa! Munthu amene anasayina yekha sikimu yanga, ndondomeko ya zophunzitsa! Madzulo ndiye akuti "aphunzitsi, mukanayamba mwafunsa." Kufunsa ndani, poti silabasi ndi ya boma?

Chimandipweteka n'choti wapampandoyo amaganiza kuti Chisilamu chilibe luso. Hadisi (mawu a Mtumiki Muhammad) yoletsa zithunzi za zamoyo ilipodi, sindikutsutsa. Koma m'buku la mahadisi la Sahih Muslim mulinso yakuti Allah ndi wokongola ndipo amakonda kukongola. Ibn Muqla, nduna ya ku Baghdad amene anamwalira mu 940, anakonza muyezo wa zilembo za Chiarabu: kadontho ka cholembera cha bango ndiye muyezo, alifu, chilembo choyamba, n'kutalika madontho owerengeka, zilembo zina n'kutengera pa alifuyo. Al-Farabi, katswiri wamaphunziro wa Chisilamu, analemba buku lalikulu la nyimbo. Makoma a Alhambra, nyumba yachifumu ya Asilamu ku Granada m'dziko la Spain, ndi odzaza ndi zojambula za masamu. Zimenezi a komiti anazimvapo?

Teremu yotsatira tinadula bango kudambo, kulisongola mopendekeka ndi lezala, inki tinasakaniza mwaye ndi madzi. Nyenyezi za nsonga 8 tinkajambula ndi chingwe ndi msomali, kompasi tinalibe. Wapampando yemwe uja anadzapempha imodzi kuti akapachike kwake, osapepesa ngakhale pang'ono.

Ndiye inu musagonje, phunzirolo ndi la pa silabasi, ndipo PEA, mlangizi wa maphunziro a pulayimale, akabwera adzafunsa inu osati komiti. Komabe pitani kaye kwa shehe wa pamzikiti, muwaonetse sikimu, muyambe ndi zilembo ndi maluwa, nkhope muzisiye kaye. A hedi anu alembe mu minitsi zomwe mwagwirizana, asamangoti "pitirizani" pakamwa. Anga aja ankatero.