Musagule motherboard ina, T410 yanuyo ili ndi mavuto awiri osiyana

Achimwene, mwafotokoza kuti munagula RAM (kachipangizo kosunga kwakanthawi zomwe kompyuta ikugwirapo ntchito) ya 4GB ndi khadi la Wi-Fi ku Limbe n'kuziika tsiku limodzi mu ThinkPad T410 yanu, ndipo kuyambira pamenepo laputopu ikungolira sikirini ili bii, koma mukabwezeretsa RAM yakale imayaka n'kuima pa uthenga wa 1802. Mwanenanso kuti wokonza wina wakuuzani kuti motherboard, bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, yafa. Ine sindikugwirizana naye, chifukwa makina omwe akuthabe kulemba uthenga pa sikirini ndiye kuti ali moyo. Chasokoneza zinthu n'chakuti munasintha zipangizo ziwiri nthawi imodzi, choncho tiyenera kuzilekanitsa.

Tiyambe ndi RAM. Mvetserani bwino kaliridwe kake: ikalira kamodzi, kenako katatu, katatunso, n'kumalizira kamodzi, pa ThinkPad zimenezo zimaloza ku RAM kapena pamalo pomwe RAM imalowa. T410 inatuluka mu 2010, imagwiritsa ntchito RAM ya mtundu wa DDR3 ya mapini 204, ndipo malire ake ndi 8GB, kutanthauza 4GB pa slot (polowetsa RAM) iliyonse mwa ziwiri zomwe ili nazo. Koma apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama, pakuti si RAM iliyonse ya 4GB yomwe makina okhala ndi purosesa ya m'badwo woyamba wa Core i5, monga T410, amailandira. Werengani kapepala komatidwa pa RAM munagulayo. Ngati palembedwa 1Rx8, ndipo timachipu takuda tilipo 8 tokha mukawerenga mbali zonse ziwiri, n'kutheka kwambiri kuti RAM-yo ndi yabwinobwino koma makina anu sakutha kuiwerenga, chifukwa inapangidwira malaputopu atsopanoko. Yomwe mukufunika ndi yolembedwa 2Rx8, ya timachipu 16, ndipo ikakhala PC3-8500 kapena PC3-10600 (manambala osonyeza liwiro lake) ndiye bwino koposa. Wogulitsa akakuuzani kuti DDR3 yonse ndi imodzi, musamukhulupirire msanga. Nyamulani laputopu yanu kupita nayo kushopuko kuti akaiyesere pamaso panu musanalipire.

Musanaiweruze RAM-yo, chitani izi modekha. Zimitsani makina, zulani chaja, chotsani batire, kenako dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti mphamvu yotsalira ithe. Gwirani kaye chitsulo china kuti magetsi a m'thupi lanu asawononge zipangizo, ndipo RAM muziigwira m'mphepete mokha. Pukutani timizere tagolide ndi labala yofufutira pensulo, mofatsa, n'kuchotsa zinyenyeswa zonse. Fumbi la kuno ku Blantyre m'miyezi ya chilimwe limalowa paliponse, ndipo ndaonapo malaputopu angapo omwe anthu anali atawataya mtima akudzuka atangowapukuta chonchi. Poilowetsa, ipendeketseni, ikankhireni mkati mpaka timizere tagolide titabisika pafupifupi tonse, kenako itsitseni mpaka tizitsulo ta m'mbali titaigwira. Slot imodzi ili kunsi kwa makina pansi pa kachitseko, inayo ili pansi pa kiyibodi. Yesani RAM imodzi yokha mu slot imodzi, kenako muisamutsire mu inayo, ndipo muzilemba pa pepala zomwe zachitika ulendo uliwonse. RAM yakale ikagwira ntchito m'malo onse awiri pamene yatsopano ikukana monsemo, mwapeza wolakwa. Zonse ziwiri zikakana pamalo amodzi okha, ndiye kuti slot imeneyo ndi yomwe yawonongeka, komabe laputopu ikhoza kugwira ntchito ndi yotsalayo.

Nkhani ya 1802 ndi yapafupi. BIOS (pulogalamu yomwe imayamba kugwira ntchito mukangoyatsa makina) ya ThinkPad za nthawi imeneyo ili ndi mndandanda wa makadi a Wi-Fi omwe Lenovo, kampani yopanga ThinkPad, inavomereza, ndipo ikapeza khadi lachilendo imakana kupitirira. Khadi lanu silinafe, koma si la pamndandandapo. Lichotseni, mosamala kwambiri pozula timawaya ta eriyo chifukwa timitu take sitichedwa kuthyoka, ndipo uthengawo uchoka. Ngati mukufuna lina la mkati, funani lochokera mu ThinkPad ina, lokhala ndi nambala ya FRU (yomwe Lenovo imapereka ku zipangizo zake zosinthira) pa kapepala kake, monga Intel Centrino Advanced-N 6200 ya Lenovo. Njira yotchipa ndi kugula ka Wi-Fi kolowetsa pa USB, komwe BIOS sikakhudza n'komwe. Ena akulangizani kuti musinthe BIOS kuti mndandandawo uchoke. Zimatheka ndithu, koma ine sindikulimbikitsani, pakuti ntchitoyo ikadukira pakati, apo ndiye motherboard imafadi. Komanso musanataye khadi lakale, onani ngati kaswichi ka Wi-Fi ka m'mbali mwa makina sikanangozimitsidwa, ndipo dinani Fn ndi F5 pamodzi.

Laputopu ikayaka bwino, ikani pulogalamu yoyesera RAM yotchedwa Memtest86+ pa fulashi, yatsani makina kuchokera pa fulashiyo, ndipo muisiye iyese RAM usiku wonse chaja ili pamagetsi. Mzere wofiira ngakhale umodzi wokha ukaoneka, RAM imeneyo ibwezeni. Onaninso ngati Windows yanu ndi ya 64-bit, chifukwa ya 32-bit imagwiritsa ntchito 3GB ndi pang'ono chabe ngakhale mutaikamo 8GB yonse. Mukajambula kapepala ka pa RAM n'kutumiza chithunzi chake muno, ndikuuzani ngati ili yoyenera makina anu.