Yankho kwa achemwali pa nkhani ya matayala ndi mabuleki a Sienta

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu pagulupa ndauona. Kulemba kundichedwetsa, ndiye ndingolankhula, mumvetsere mukapeza mpata. Mwati Toyota Sienta ija matayala asalala, mabuleki akulira mukaponda, ndipo wina wakulonjezani matayala anayi a kaunjika pa mtengo wosafika wa awiri atsopano. Mwatinso mwezi wamawa mukufuna kupita ku Monkey Bay ndi ana, koma ndalama yachepa chifukwa cha fizi. Ndamva zonse.

Ine ndikuti ndalama imene ilipoyo iyambire ku mabuleki. Matayala tikambirana, koma mabuleki kaye, chifukwa ndiwo otsika mtengo pa ziwirizi, komanso mukawachedwetsa amawononga zina zodula.

Kulira kwa mabuleki kulipo kuwiri. Kukakhala kamawu kosongoka, tswii, mukaponda pang'ono, kawirikawiri ndi kachitsulo kamene anaika dala pa pad (chimene chimafinya disc, chitsulo chozungulira limodzi ndi tayala, kuti galimoto iime) kuti kazikhudza disc pad ikatsala pang'ono kutha. Kumeneko ndi kukuchenjezani chabe, nthawi ikadalipo. Koma mukamva kukhukhuluza, gwee, chitsulo kupala chitsulo chinzake, ndiye kuti pad yatheratu ndipo yayamba kudya disc. Pamenepo galimoto isayendenso ulendo wina kupatula wopita ku galaja. Makaniko akachotsa tayala la kutsogolo, inuyo kapena alamu muyang'ane ndi maso anu. Pad yatsopano nyama yake imakhala pafupifupi mamilimita 10. Ikafika pa 3, yakwana kusintha. Ndipo amasintha mbali zonse ziwiri za kutsogolo nthawi imodzi. Wina akati tingosintha mbali imene yathayi, mukane, galimoto izikokera mbali imodzi mukaponda.

Pogula, musakangonena kuti ndikufuna ma pad a Sienta. Ma Sienta alipo osiyana. Yanuyo ndi yakale ija imene inayamba kutuluka mu 2003, nambala ya chassis imayamba ndi NCP81, pomwe ina ija ya 2015 kupita kutsogolo ili ndi zake. Mutenge nambalayo pa blue book, ndipo chabwino koposa munyamule pad yakaleyo m'pepala, mukaigundanitse ndi yatsopanoyo pa kauntala pomwepo musanapereke ndalama. Mukakhala ku Lilongwe kuno kwanu, ku Biwi ndi ku Area 2 mashopu a sipeya ali moyandikana, mutha kufunsa atatu kapena anayi ndi miyendo basi.

Tsono apa ndiye pofunika kusamala. Mudzapeza bokosi lolembedwa Toyota mokongola, mtengo wake wotsika kuposa ena onse pashelefu. Chimenecho chikukayikitseni, chifukwa sipeya yeniyeni ya Toyota singatchipe kuposa ya kampani wamba. Kuli bwino kugula ya dzina lake lenileni la kampani imene inapanga. Akebono ndi Advics ndi makampani a ku Japan amene amapangira mabuleki galimoto za kumeneko, ndiye mukawapeza enieni mwapeza chinthu. Bendix ndi Ferodo nawo ndi mayina akale odziwika. Simukusowa odulitsitsa, a pakatikati akwanira. Amene sindikufuna kumva ndi ma pad ogwiritsidwa kale ntchito, kapena aja omata nyama yatsopano pa chitsulo chakale ndi guluu. Akatentha imatha kumatuka, ndipo imamatuka pa nthawi imene mwaponda mwamphamvu.

Makaniko ena akangoona mayi wabwera ndi galimoto amathamangira kunena kuti ma disc nawo atha. Mwina athadi, mwina ayi. Pa disc penipenipo pamalembedwa MIN TH ndi nambala, kutanthauza kuti isapyapyale kuposa pamenepo. Ayeze inu mukuona. Ngati ikadali yonenepa, ilibe mikwingwirima yakuya, ndipo pedulo sinjenjemera mukaponda pa liwiro, isiyeni, mwapulumutsa ndalama. Kumbuyo kwa galimoto yanuyo kuli ma drum m'malo mwa ma disc, m'kati mwake muli ma shoe, amene amagwira ntchito ya ma pad. Amenewo amakhalitsa kuposa ma pad, koma atsegule aone ngati simukudontha mafuta.

Mafuta a mabuleki anthu ambiri sitiwaganizira n'komwe, timangothira akachepa. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri. Akakhala ndi madzi, mabuleki akatentha mafutawo amawira, pedulo n'kungolowa pansi popanda kugwira. Ndikunena izi chifukwa cha njira imene mudzadutse. Mukakhota pa Masasa kutsikira ku Golomoti, mtsetse wa Khwekhwerere uja ndi wautali, wokhotakhota, ndipo galimoto idzakhala yodzaza ana ndi katundu. Botolo lake si lodula. Pa chitsekerero cha kathanki palembedwa mtundu wake, Toyota zambiri ndi DOT 3. Mugule botolo lomata, osati othiridwa m'kabotolo ka madzi akumwa. Ndipo potsika pamenepo, alamu asamangokhala phazi lili pa buleki. Aike giya pa B kapena L, malingana ndi zimene zalembedwa pa giya yanuyo, injini izithandiza kugwira galimoto.

Kanthu kena kakang'ono: akamaliza kuika ma pad, apope pedulo kangapo mpaka ilimbe galimoto isanasunthe. Ndipo masiku oyambirira muziponda mofatsa kuti ma pad akhazikike bwino pa disc.

Eya, tsono matayala aja.

Sindikunena kuti tayala lililonse la kaunjika ndi loipa. Alipo abwino, ndipo anthu ambiri tikuyendera omwewo. Koma tiwerengere limodzi. Tayala latsopano mizere yake imakhala yakuya pafupifupi mamilimita 8. M'kati mwa mizeremo muli timapiri ting'onoting'ono ta labala, totalika mamilimita 1.6, ndipo tayala likadyeka mpaka kufanana ndi timeneti latha ntchito. Ndiye chimene mumagula pa tayala latsopano ndi mamilimita 6 ndi pang'ono. Tayala la kaunjika limene latsala ndi mamilimita 4, wogulitsa adzati onani likadali theka. Si theka ayi. Chotsani 1.6 ija, mwatsala ndi 2.4 basi, kungopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukalipira theka la mtengo wa latsopano, mwagula modula, ndipo miyezi ingapo mukubwereranso kukalipira womanga tayala kachiwiri.

Kenako zaka. Labala amakalamba ngakhale tayala lisanayende, amauma n'kuyamba ming'alu. M'mbali mwa tayala muli kabokosi kozungulira kokhala ndi manambala anayi, kawirikawiri kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2318, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Opanga matayala ambiri amati likapitirira zaka 5 liziyang'aniridwa chaka ndi chaka, likafika 10 lichoke ngakhale mizere ikuoneka bwino. Ndi kutentha kwa kunyanja kuja mwezi wa October, phula likuwotcha, tayala lokalamba ndi limene limaphulika. Ineyo la kaunjika lopitirira zaka 5 sindingakulangizeni. Manambala amenewa muziwaonanso ngakhale pa latsopano, chifukwa lina limakhala lagona m'shopu nthawi yaitali.

China chimene anthu ambiri sachidziwa, ndipo ndikufuna muchimvetse bwino. Matayala ambiri a kaunjika amachokera ku Japan, ndipo kumeneko kumagwa chipale chofewa, ndiye ali ndi matayala a nyengo yozizira. M'mbali amalemba STUDLESS, ndipo mayina ake mudzaona Blizzak, Winter Maxx kapena iceGUARD. Ndi matayala abwino a makampani akuluakulu, koma anawapangira msewu wa ayezi. Mukawaona amakopa, mizere yakuya, timizere tambirimbiri tokhotakhota pamwamba, wogulitsa n'kumati awa ndiye olimba. Labala wake ndi wofewa. Pa phula lotentha amadyeka msanga, galimoto imayenda ngati ikuyandama pokhota, ndipo pa msewu wonyowa imatenga mtunda wautali kuti iime. Ngati anayi amene akulonjezaniwo ali a mtundu umenewu, mtengo wotsikawo chifukwa chake n'chimenecho. Muyang'anenso amene ali pa galimoto panopa, zina zimabwera nawo kuchokera ku Japan komweko.

Mukati mugulebe la kaunjika, mulione lisanalowe pa rimu. Lowetsani dzanja m'kati, muzungulire monse. Chigamba chimodzi pakati pamene pamaponda msewu si vuto ngati anamata bwino. Chigamba cha m'mbali, ayi. Chotupa m'mbali, ayi, pamenepo ulusi wa m'kati unaduka ndipo palibe amene angakonze. Muonenso m'mphepete mmene limagwira rimu ngati simunang'ambike. Ndiye pali aja ojambulidwanso: tayala linatha, munthu n'kutenga kachitsulo kotentha kukumba mizere yatsopano. Mumalizindikira chifukwa mizere yake siyofanana bwino, ndipo timapiri tija ta m'kati kulibe, anatidula. Tayala la galimoto yaing'ono silinapangidwe kuti lizikumbidwa choncho, pansi pakepo pali mawaya.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Pa matayala anayi amene muli nawo, makaniko asankhe awiri amene akadali ndi moyo. Mugule awiri atsopano a mtengo wapakati, ena awiriwo mudzagule fizi ikapita. Simukusowa Michelin kapena Bridgestone. Alipo a ku China monga Linglong, Triangle ndi Sailun, alipo Maxxis a ku Taiwan, GT Radial, ndi a ku India monga Apollo ndi CEAT. Pa kayendedwe kanu, kusukulu, kuntchito, kutchalitchi, kamodzikamodzi kumudzi, amenewa akutumikirani bwino. Awiriwo akhale a mtundu umodzi ndi saizi imodzi. Zikapezeka kuti onse anayi atheratu, pamenepo ndiye awiri atsopano, awiri a kaunjika osankhidwa mmene ndafotokozeramu.

Atsopanowo aikidwe kumbuyo. Ndikudziwa kuti amalume akamva apa atsutsa, ndi amakaniko ambiri adzati kutsogolo chifukwa ndiko kuli injini ndi chiwongolero. Koma taganizani mvula ikugwa, mukukhota. Kutsogolo kukaterereka, mumamva m'manja, mumachotsa phazi pa moto, galimoto imabwerera. Kumbuyo kukaterereka, galimoto imazungulira yonse, ndipo woyendetsa wamba sangaibweze. Opanga matayala okha amalangiza zomwezi.

Saizi musasinthe. Tsegulani chitseko cha dalaivala, pa chipilala pali kapepala kolembedwa saizi ndi mpweya wake. Sienta ya mtundu wanuwo zambiri zimavala 175/70 R14. 175 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita, 70 ndi kutalika kwa m'mbali mwake, kutanthauza 70 peresenti ya kufutukukako, 14 ndi rimu. Kutsogolo kwake mudzaona nambala ina ndi chilembo, monga 84S. 84 imeneyo ikutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 500. Galimoto yanu ndi ya anthu 7, ndiye musalole nambala yotsika kuposa imene yalembedwa pa kapepalako, ngakhale akuuzeni kuti likwana pa rimu. Anyamata akakuuzani za matayala opyapyala m'mbali kuti galimoto ioneke bwino, akaneni. Ndi maenje a m'misewu yathuyi, mudzapinda rimu.

Za mitengo, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu za kunja sizikhazikika, ndiye mufunse mashopu angapo tsiku limodzi lomwelo. Pofunsa muzinena kuti ndikufuna mtengo wonse, kumanga, valavu yatsopano ndi balancing (kulinganiza kulemera kwa tayala kuti lisamanjenjemere). Ena amatchula mtengo wotsika, zinazo n'kudzawonjezera galimoto ili kale pa jeke. Risiti mutenge, ndipo mufunse kuti tayala likatupa lokha m'masabata oyamba adzatani.

Alignment, kuwongola miyendo ya galimoto kuti matayala aziponda mowongoka, musaidumphe, chonde. Mwati akutsogolo adyeka kwambiri m'mphepete mwa m'kati. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti miyendo ya galimoto siili mowongoka, mwina chifukwa cha maenje, mwina zipangizo za ku miyendoko, ma bush kapena ma tie rod, zatha. Mukapanda kukonza chimenecho, tayala lililonse limene lidzapite kutsogoloko lidzadyeka chimodzimodzi. Makaniko agwedeze miyendoyo galimoto ili m'mwamba, chakutha chisinthidwe, kenako alignment. Mukatero ngakhale nthawi ya COF, kuyezetsa galimoto ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, ikakwana simudzavutika ku Road Traffic.

Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, kamodzi pa mwezi, ndi geji, osati kumenya ndi phazi. Kapepala kaja kalemba mu kPa, muyeso wa mpweya, ndiye mukaona 230 ndi chimodzimodzi 2.3 bar pa geji ya pa filling station. Tayala lochepa mpweya limatentha, limadyeka m'mbali, ndi mafuta limamwetsa. Tayala la sipeya nalo mulione musananyamuke. Ngati ndi kaja kopyapyala ka rimu yachikasu, kamafuna mpweya wambiri, 420 kPa, ndipo sikayenera kupitirira makilomita 80 pa ola. Kangokufikitsani pomatitsa tayala basi.

Ndiye chitani chonchi. Mawa kukacha mujambule m'mbali mwa matayala onse anayi pamene pali manambala, mujambulenso mizere yake chapafupi. Munthu wa kaunjika uja naye atumize zithunzi za akewo, pooneka dzina, saizi ndi manambala anayi aja. Muponye pagulu pompano ndione, ndikuuzani oti musunge ndi oti achoke. Koma galimoto ipite kwa makaniko Loweruka lino kuti aone ma pad, zimenezo zisadikire zithunzi. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.