Bondo Likulira Poyenda, Kodi Mafuta Atha?

Mayi wina wa zaka 38 wanditumizira imelo. Akuti bondo lawo lakumanja limalira kuti "the! the!" akamayenda, makamaka pokwera masitepe, ndipo anzawo akuwauza kuti mafuta atha m'mawondo, azidya therere ndi mang'ina. Funso lawo ndi lakuti, kodi nyamakazi yayamba?

Mayi, imelo yanu ndaiwerenga kawiri kufunafuna mawu oti "kuwawa" kapena "kutupa". Mulibe. Zimenezo zandikhazika mtima pansi, chifukwa bondo longolira lopanda ululu nthawi zambiri silikhala ndi matenda.

Polumikizana mafupa pamakhala timadzi toterera. Mukadzuka pamkeka kapena kunjuta mwadzidzidzi, m'timadzimo mumapangika kathovu ka mpweya, ndiye kulira mumamva kuja. N'chimodzimodzi ndi kuliza zala. Dokotala wina wa ku America, Donald Unger, analiza zala za dzanja lamanzere lokha kwa zaka zoposa 60 pofuna kuona ngati mawu a mayi ake oti adzadwala nyamakazi anali oona. Manja onse awiri anakhala bwinobwino, mpaka mu 2009 anamupatsa mphoto yanthabwala ya Ig Nobel.

Koma zanuzi ndikuziona mosiyana pang'ono. Chala chikalira, pamafunika mphindi ngati 20 kuti chilirenso. Bondo lanu likulira phazi lililonse mukaponda, choncho si kathovu. Kawirikawiri umakhala mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa womwe ukudumpha pa kansonga ka fupa, ngati chingwe cha gitala chikakodoledwa, kapena kafupa kozungulira ka pamwamba pa bondo kakutsetsereka mopendekeka m'kanjira kake. Ikani chikhatho pabondo, mulipinde n'kuliwongola pang'onopang'ono muli pampando. Mudzamva pomwe pakugunda.

Chimathandiza n'kulimbitsa minofu ya ntchafu, popeza ndi imene imawongolera kafupa kaja. Gonani chagada, pindani mwendo umodzi, winawo muukweze uli chiwongokere mpaka ufanane ndi bondo linalo, muwerenge mpaka 5, n'kuutsitsa. Kakhumi mwendo uliwonse, tsiku ndi tsiku, kwa milungu ingapo. Muonenso nsapato zanu ngati zidendene zake zinadyeka mbali imodzi. Ndipo musasiye kuyenda.

Pitani kuchipatala, osazengereza, ngati bondo layamba kuwawa, kutupa kapena kutentha, ngati likukanirira osafuna kuwongoka, ngati likugwedera ngati mugwe, kapena ngati kuliraku kunayamba mutagwa kapena kubinya mwendo. Pamenepo mwina kachigamba kofewa ka pakati pa mafupa kang'ambika, kapena nyamakazi ndithu. M'zipatala zambiri za maboma muli akatswiri a mafupa, mukafunse amenewo. Chomwe sindifuna n'kugula mankhwala opha ululu monga diclofenac kapena brufen pagolosale n'kumamwa miyezi, chifukwa amatha kuyambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso.

Za therere zija, idyani, ndi ndiwo zabwino, inenso la soda ndi tomato sindilikana. Kungoti kuterera kwake kumathera m'mimba, sikutsikira m'mawondo. Timadzi ta m'bondo timapangidwa ndi bondo lomwelo.