Konkire ndi makande zimadyana

Amayi, inu mukufuna kumanga septiki tanki padambo, amene wakuuzani kuti konkire ikalowa m'makande siwonongeka, muuzeni abwere kwathu adzaone septiki tanki yanga. Inenso bilida anandiuza zomwezo, munthu wa kutchalitchi kwathu, woti tinkaitanana achimwene. Puloti yathu ili ku Chipata, kumunsi cha kumtsinje wa Lunkhwakwa, dothi lakuda lija lomata kumapazi. Bilidayo amvekere simenti ndi mwala, ngakhale zinyalala za nyukiliya azungu amazikwirira m'konkire.

Mvula ya Febuluwale itakhazikika, usiku tinangodzidzimuka ndi fungo. Kutacha, chipupa cha tanki chang'ambika, mng'alu wolowa dzanja, madzi akuda akusefukira pabwalo pomwe ana amasewera, kulunjika kuchitsime cha aneba. Ndinagwira m'mphepete mwa mng'aluwo, konkire kungofumbutuka m'manja ngati chigumu chouma, mkati muli mbuu, zitsulo zadzimbiri. Aneba ataima pampanda, mphuno atatseka ndi chitenje, osalankhula. Kumuimbira foni bilida, akuti ndi mvula ya Mulungu. Mvula ya Mulungu? Matumba ena a simenti anagulitsa, mchenga anatapa m'ngalande wosasefa n'komwe, lero akundilambalala ngati sandidziwa!

Ndipo za nyukiliyazo anazipotoza. Ku Bure ku France, mamita pafupifupi 500 pansi, ndi ku Mol ku Belgium, akatswiri ofufuza zokwirira zinyalala za nyukiliya atha zaka zambiri akuyesa zomwe konkire ndi dongo zimachitana zikagundana. Madzi otuluka m'simenti ndi aukali, pH yake (muyeso wa ukali wa madziwo, amene pamadzi wamba ndi 7) imapitirira 12, amasungunula dongo pang'onopang'ono mpaka lichepe mphamvu yofufuma ndi kutseka ming'alu. Dongo nalo silingokhala. Madzi ake akakhala ndi mchere wotchedwa salifeti amalowa m'konkire, timiyala n'kumera mkati, kuifufumitsa mpaka ing'aluke. N'chifukwa chake anachita kupanga simenti yofatsa, ya pH ya m'ma 11. Iwo akuwerengera zaka masauzandemasauzande. Ife makande athu amafufuma dzinja, chilimwe aume n'kung'aluka, tanki ikungokankhidwa uku ndi uku.

Ine ndikuti padambo musamangepo, amayi. Koma poti puloti munagula kale, mangani ndithu, ndipo ndi konkire yomweyo, njerwa sizingapirire. Kumbani motakasuka, muthire miyala ndi mchenga kuzungulira kuti dothi lisagunde chipupa, kunja mupake phula. Bilida mutenge womudziwa, osati wongokumana naye kumsika wa Kapata, ndipo tsiku lothira konkire mukhalepo, matumba muziwerenga nokha.